Zaka za Mwana ndi Zaka za Mafupa Ake: Mbiri ya Mankhwala Ochedwetsa Mafupa Kukhwima



Masabata awiri apitawa ndinalandira uthenga wochokera kwa mmodzi mwa atsikana amene ndidawaphunzitsa Biology ku Folomu 3 ndi 4. Lero ndi mayi wa ana awiri ndipo amakhala ku Johannesburg. Mwana wake woyamba, wamkazi, ali ndi zaka 6, koma wayamba kuonetsa zizindikiro za kutha msinkhu ndipo m'kalasi mwake palibe womuposa kutalika. Adokotala anamujambula dzanja lamanzere pa X-ray n'kunena kuti mafupa ake ndi a mwana wa zaka 9, choncho akufuna kumuyambitsa jakisoni wa mahomoni. Mayiyu anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi mafupa amakhala ndi zaka zawozawo? Nanga mwana wamtali chonchi akuti adzakhala wamfupi, zikutheka bwanji?"

Ine si dokotala, ndipo ndinamuuza kuti za jakisoniyo amvane ndi adokotala ake. Koma funso lakeli lili ndi mbiri yaitali ndithu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze, popeza ana otere amapezekanso m'masukulu mwathu muno ndipo kawirikawiri sitiwamvetsa.

Chimanga chikamasula

Tiyambe ndi zimene tidaphunzira m'kalasi. Fupa lalitali, monga la ntchafu, silikulira paliponse. Limakulira chakumapeto kwake konse kuwiri, pomwe pamakhala kamzere ka chicherewecherewe, chofanana ndi chofewa chija timatafuna kumapeto kwa fupa la msoti. Kamzere kameneka kamapanga chicherewecherewe chatsopano, chakale chija n'kumasanduka fupa, motero mwana amatalika. Tsiku limene kamzereka kasanduka fupa konse, kutalika kwathera pomwepo.

Mahomoni a kutha msinkhu amagwira ntchito ziwiri pa kamzereka. Poyamba amakafulumizitsa, n'chifukwa chake mnyamata wa Folomu 2 amabwera kuchokera ku holide thalauza litalekeza m'katumba. Kenako mahomoni omwewo amakatseka. Aliyense amene adalimapo akudziwa kuti chimanga chikangomasula ngayaye sichitalikanso, ndipo chimene chamasula chidakali m'chiuno sichidzafika m'mutu. Mwana amene wayamba kutha msinkhu ali ndi zaka 5 kapena 6 amathamanga n'kuwasiya anzake, koma mizere yake imatsekeka msanga, anzake aja n'kudzamupitirira. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Madokotala amati msinkhu watha msanga ngati zizindikiro zayamba mtsikana asanakwane zaka 8, kapena mnyamata asanakwane zaka 9.

Dzanja pa X-ray

Kale zonsezi zinkachitika mosaoneka. Zinthu zidasintha pa 8 Novembala 1895, pamene Wilhelm Röntgen, mphunzitsi wa Physics pa yunivesite ya Würzburg ku Germany, adatulukira kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumadutsa mnofu n'kusiya chithunzi cha mafupa. Pa 22 Disembala chaka chomwecho adajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, mafupa ndi mphete zikuoneka bwinobwino.

Madokotala a ana sadachedwe kuona phindu la dzanja. Polumikizira dzanja ndi mkono pali timafupa 8, ndipo mwana akamabadwa tonseti timakhala tidakali chicherewecherewe, kotero kuti sitioneka pa X-ray. Timayamba kuoneka kamodzikamodzi, motsatana bwino, kuyambira miyezi yoyambirira mpaka chakumayambiriro kwa kutha msinkhu. Mu 1898 John Poland, dokotala wa ku London, adatulutsa buku la zithunzi zosonyeza mmene mafupa a dzanja amakulira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, J. W. Pryor wa ku Kentucky, m'dziko la America, adaonetsa kuti mafupa a atsikana amakhwima msanga kuposa a anyamata.

Amene angatisangalatse ife aphunzitsi ndi Thomas Morgan Rotch, dokotala wa ana wa ku Harvard. Mu 1908 iye adayamba kulimbikitsa zoti mwana ali ndi zaka zamitundu iwiri, za pa kalendala ndi za thupi lake, ndipo adafuna kuti chithunzi cha dzanja ndicho chizigamula kalasi imene mwana akhale komanso ngati wafika poti n'kulembedwa ntchito m'fakitale. Za makalasizo sizidapite patali, ndipo tithokoze, chifukwa nzeru za mwana sizikhala m'dzanja. Koma mfundo ya zaka ziwiri ija idakhazikika mpaka lero.

Ana a ku Cleveland

Kuti unene kuti mafupa athamanga, uyenera kukhala ndi muyezo. Muyezowo udachokera mumzinda wa Cleveland ku America, komwe T. Wingate Todd adatsogolera kafukufuku wojambula ana omwewo mobwerezabwereza pamene ankakula: miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, miyezi 6 iliyonse mpaka zaka 5, kenako kamodzi pachaka. Todd adatulutsa buku lake mu 1937 n'kumwalira chaka chotsatira. William Greulich ndi Idell Pyle ndiwo adamaliza ntchitoyo pogwiritsa zithunzi za ana pafupifupi 1,000 zimene zidajambulidwa pakati pa 1931 ndi 1942. Buku lawo lidatuluka mu 1950, n'kukonzedwanso mu 1959. Dokotala amatenga chithunzi cha dzanja lamanzere la mwana, n'kumatsegula masamba mpaka atapeza chofanana nacho. Zaka zolembedwa patsambalo ndizo zaka za mafupa. Mu 1952 Nancy Bayley ndi mnzake Pinneau adawonjezera matebulo olosera msinkhu umene mwana adzathere, potengera kutalika kwake lero ndi zaka za mafupa ake. Ku England nako James Tanner ndi R. H. Whitehouse adakonza njira yawo yopereka malikisi kwa fupa lililonse palokha, yomwe idatuluka mu 1962 n'kukonzedwanso mu 1975 ndi mu 2001.

Apa pali chinthu chimene sitiyenera kuiwala. Ana a ku Cleveland aja anali azungu ochokera m'mabanja opeza bwino, odya mokwanira. Mu 2002 madokotala atatu a mafupa, Lewis, Lavy ndi Harrison, adasindikiza zimene adapeza atayerekeza bukuli ndi ana komanso achinyamata 139 a ku Malawi kuno. Mwa amenewa, 119 anali ndi mafupa otsalira m'mbuyo, ndipo pa avereji mafupawo ankatsalira ndi miyezi 20. Iwo adati bukuli silinena zolondola pa ana athu. Aphunzitsi a zamasewera muzikumbukire zimenezi mukamamva za kuyeza zaka za osewera mpira. Kuyambira pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 umene udachitikira ku Nigeria mu 2009, FIFA idayamba kuunika mkono ndi makina a MRI. Makinawo amaona kukhwima kwa fupa. Tsiku lobadwa silidalembedwe pafupa ayi.

Mankhwala oyamba, 1950

Kwa zaka zoposa 50 madokotala ankatha kuona mafupa akuthamanga koma analibe chowaimitsira. Chithandizo choyamba chenicheni chidabwera pa matenda obadwa nawo otchedwa congenital adrenal hyperplasia. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal komwe kamapanga homoni ya cortisol. Mwa ana ena tiziwalo timeneti timalephera kupanga cortisol yokwanira. Zikatero, kachiwalo kena ka pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary, kakakulu ngati njere ya nandolo, kamalimbikira kutumiza uthenga wakuti pangani, pangani. Ma adrenal aja amatupa ndi ntchito, koma zimene amatulutsa ndi mahomoni achimuna ochuluka. Mwana wa zaka zinayi amamera tsitsi la akuluakulu, mafupa n'kukhala a mwana wa zaka 10.

Mankhwala a cortisone adayamba kuperekedwa kwa odwala nyamakazi ku Mayo Clinic mu 1948. Mu 1950 Lawson Wilkins wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore adaonetsa kuti ana aja akapatsidwa cortisone, pituitary imakhutira n'kusiya kukalipa, ndipo mahomoni achimuna aja amatsika. Nzeru yake inali yakuti umpatse mwana homoni imene akusowa kuti imene yachuluka ichepe. Mpaka lero ana otere amamwa hydrocortisone tsiku ndi tsiku, ndipo muyezo wake ndi wofunika kusamala: akachepa mafupa amathamanga, akachuluka mwana amapinimbira.

Atsikana aatali a ku Melbourne

M'zaka zomwezo madokotala ena adaganiza zochita zosemphana. Ngati mahomoni amatseka mizere ya mafupa, bwanji osawapereka dala kwa mtsikana amene makolo akuopa kuti atalika kwambiri? Mu 1956 Max Goldzieher wa ku New York adafalitsa njira imeneyi. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, Norman Wettenhall adalemba mu 1975 za atsikana 168 amene adawapatsa mankhwala a estrogen otchedwa stilboestrol pa zaka 15. Atsikanawa sankadwala chilichonse. Nkhawa inali yakuti mkazi wamtali adzavutika kupeza banja kapena ntchito zina. Phindu lake linali masentimita owerengeka chabe.

Mu 2004 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Alison Venn, amene adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, adapeza kuti amayi amene adalandira mankhwalawa ali atsikana ankavutika kutenga pathupi kusiyana ndi anzawo aatali amene sadalandire. Padapita zaka makumi angapo kuti mtengo wake udziwike, ndipo amene adalipira ndi ana omwe sadafunsidwe maganizo. Nkhani imeneyi tiisunge, tidzaifunanso kumapeto.

Nkhumba, nkhosa ndi anyani

Tibwerere kwa ana otha msinkhu msanga. Ambiri mwa iwo, makamaka atsikana, alibe vuto la adrenal. Ubongo wawo ndiwo umangoyamba msanga kupereka lamulo. M'zaka za m'ma 1960 madokotala adayesa medroxyprogesterone, mankhwala omwe ali mu jakisoni wa Depo amene amayi amabayitsa polera. Msambo unkaleka, koma mafupa ankapitirizabe ulendo wawo. Ku Ulaya adayesa cyproterone acetate m'ma 1970, koma pa nkhani ya msinkhu zotsatira zake sizidakhutiritse. Padafunika kudziwa lamulo lenileni lochokera mu ubongo.

Geoffrey Harris wa ku England adali ataphunzitsa kale kuti gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus limalamulira pituitary kudzera m'timadzi tochepa zedi toyenda m'timitsempha ta magazi. Amuna awiri adapikisana zaka pafupifupi 20 kuti atigwire timadzi timeneti: Andrew Schally, wobadwira ku Wilno, amene ankagwira ntchito ku New Orleans, ndi Roger Guillemin, wobadwira ku Dijon m'dziko la France, amene ankagwira ntchito ku Houston kenako ku California. Schally ankatolera tizidutswa ta ubongo wa nkhumba kuchokera kophera nyama, Guillemin ta nkhosa. Taganizani kusinja tizidutswa ta nkhumba zoposa 100,000 kuti upeze kanthu kosadzaza ndi kunsonga kwa supuni komwe. Mu 1971 gulu la Schally lidalengeza mapangidwe a homoni yomwe lero timaitcha GnRH, kamkanda ka ma amino acid 10 okha. Imeneyi ndiyo imauza pituitary kuti idzutse ziwalo zoberekera. Awiriwa, amene sankamwerana madzi, adagawana mphoto ya Nobel mu 1977 pamodzi ndi Rosalyn Yalow, ndipo onse awiri adamwalira m'chaka chimodzi, 2024.

Makampani adayamba kupanga mankhwala ofanana ndi GnRH koma amphamvu ndi okhalitsa m'thupi, poganiza kuti athandiza osabereka. Chodabwitsa n'chakuti akaperekedwa nthawi yaitali ankachita zosemphana, mahomoni ankatsika. Yankho lidachokera kwa Ernst Knobil ndi anzake ku Pittsburgh mu 1978. Iwo adagwiritsa anyani a mtundu wa rhesus amene ubongo wawo sunkathanso kupanga GnRH. Akawapatsa homoniyi pang'ono kamodzi pa ola lililonse, pituitary inkagwira ntchito bwino. Akaipereka mosalekeza, pituitary inkangoti zii.

Aphunzitsi anzanga, ife izi sitingavutike kuzimva. Belu likamalira pakutha pa piriyodi iliyonse, sukulu yonse imasuntha. Koma mwana wopulupudza atati aliimbe osalekeza kuyambira m'mawa, pangakhale chipwirikiti kwa mphindi zochepa, kenako aliyense angabwerere pampando osalilabadiranso. Pituitary imamvera belu lolira modukizadukiza. Lolira kosatha imalitsekera makutu.

Kuchokera 1981

William Crowley wa ku Boston adaona kuti apa pali mankhwala. Mu 1981 iye pamodzi ndi Florence Comite, Gordon Cutler ndi anzawo a ku National Institutes of Health adasindikiza mu New England Journal of Medicine zotsatira za atsikana asanu otha msinkhu msanga amene ankabayidwa mankhwala otere tsiku lililonse. Mahomoni awo adatsika kufika pa mlingo wa ana, ndipo atasiya mankhwala adabwereranso. M'zaka zotsatira zidaoneka kuti mafupa nawonso amachepetsa liwiro. Mu 1993 boma la America lidavomereza jakisoni wa leuprolide wa pamwezi kuti aziperekedwa kwa ana otere. Mu 2007 lidavomereza kachubu ka histrelin koika pansi pa khungu la mkono, kogwira ntchito chaka chathunthu. Masiku ano kulinso majakisoni a miyezi itatu ndi a miyezi 6, ndipo m'maiko ambiri wodziwika ndi triptorelin.

Mu 2009 akatswiri a mahomoni a ana a ku Ulaya ndi ku America adagwirizana chimodzi ataunika zotsatira za zaka zonsezo. Adapeza kuti opindula kwambiri ndi atsikana amene vutoli lawayamba asanakwane zaka 6, omwe amawonjezera masentimita 9 kapena 10 pa msinkhu wawo womaliza. Kwa a zaka zapakati pa 6 ndi 8 phindu limacheperapo, ndipo kwa amene ayamba pa nthawi yake palibe umboni wakuti jakisoniyu amawatalikitsa. Adatinso si mwana aliyense woonetsa zizindikiro amene afunika mankhwala, popeza mwa ena zinthu zimayenda pang'onopang'ono kapena kuima zokha, choncho dokotala amayamba wamuyang'anira miyezi ingapo. Mankhwalawa amasiyidwa mwana akafika zaka za m'ma 11, ndipo msambo umabwera patapita chaka kapena chaka ndi theka. Zovuta zake zodziwika ndi kutupa pobayidwa, mutu, ndi kumva kutentha m'thupi.

Mwamuna amene sankasiya kukula

Padatsala funso limodzi. Aliyense ankaganiza kuti mwa atsikana mafupa amatsekedwa ndi estrogen, pamene mwa anyamata ndi testosterone. Mu 1994 Eric Smith ndi anzake a ku Cincinnati adafotokoza za mwamuna wa zaka 28, wotalika masentimita 204, amene ankakulabe. Anali ndi ndevu, testosterone yake inali bwinobwino, koma mafupa ake anali a mnyamata wa zaka 15. Thupi lake lidabadwa losatha kumva estrogen. Munthu mmodziyu adasintha zimene zinkaphunzitsidwa: ngakhale mwa amuna, estrogen ndiyo imatseka mizere ya mafupa. Thupi la mnyamata limasandutsa gawo la testosterone kukhala estrogen pogwiritsa enzyme yotchedwa aromatase.

Mankhwala oletsa aromatase analipo kale, a khansa ya m'mawere, monga letrozole ndi anastrozole. Mu 2001 gulu la Leo Dunkel ku Finland lidaonetsa kuti letrozole amachedwetsa mafupa a anyamata kukhwima. Chiyembekezo chidali chachikulu, koma gulu lomwelo pambuyo pake lidapeza kuti ena mwa anyamata aafupi amene adayamba mankhwalawa adakali aang'ono anali ndi timafupa ta msana topindika pang'ono, ndipo masentimita amene ankaloseredwa sadapezeke onse atakula. Pa anyamata amene ndi aafupi chabe, osadwala, madokotala osamala amawatenga mankhwalawa ngati akadali oyesedwa.

Zimene tingatolepo

Mukaiyang'ana mbiri yonseyi, mahomoni adathandiza pamene panali matenda odziwika bwino, monga ana a Wilkins ndi atsikana a 1981. Pamene cholinga chinali kukonza msinkhu wa mwana wabwinobwino kuti ukomere makolo kapena anthu, monga ku Melbourne, phindu lidali lochepa ndipo mavuto adatulukira mochedwa. Muyezo nawonso uli ndi malire ake, monga adaonetsera ana 139 aja. N'chifukwa chake ndinamuuza mayi wa ku Johannesburg kuti afunse adokotala mafunso atatu: chayambitsa n'chiyani, zinthu zikuthamanga motani poyerekeza ndi miyezi 6 yapitayo, ndipo akuyembekeza kuti mankhwalawo apulumutsa masentimita angati. Kwa mwana wa zaka 6 amene mafupa ake atsogola ndi zaka zitatu, mbiri ikuonetsa kuti maganizo a adokotalawo ali ndi maziko.

Kwathu kuno vuto lalikulu ndi la mbali inayo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mwana wotero mafupa ake amatsalira, ndipo chimene akusowa ndi chakudya chabwino ndi chithandizo cha matenda, osati jakisoni wa mahomoni. Wina asanyengedwe n'kukagula mankhwala pa intaneti kuti mwana atalike.

Komabe ana otha msinkhu msanga aliponso pakati pathu, ndipo tsoka lawo limaposa la masentimita. Mtsikana wa Sitandade 2 amene wamera mawere amasekedwa ndi anzake, ena amamunena kuti wayamba zachibwana, ndipo achikulire ena amayamba kumuona ngati namwali. Thupi lake latsogola, koma mutu ndi mtima ndi za mwana wa zaka 7, wofunika kutetezedwa. Mnyamata amene mawu ake asintha asanakwane zaka 9 ndiye afunika kuonedwa mwachangu, chifukwa mwa anyamata nthawi zambiri pamakhala chifukwa china, nthawi zina chotupa mu ubongo.

Inu amene mumaphunzitsa ku pulayimale, ndi inu ana anga amene tsopano muli ndi ana anuanu, mukaona zotere musathamangire kunena za ufiti kapena khalidwe. Lankhulani ndi makolo mwaulemu ndi mwachinsinsi. Apite naye kuchipatala atatenga buku lake la kusikelo, chifukwa manambala olembedwa mmenemo amathandiza dokotala kuona pamene liwiro lidayambira, ndipo apemphe kutumizidwa kwa madokotala a ana ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mizere ija ikatsekeka palibe mankhwala oitsegulanso, choncho nthawi yopitira ndi pamene mwana akuoneka wamtali ndi wathanzi, aliyense akumuyamikira.

Amene muli ndi makalasi a mayeso, Mulungu akupatseni mphamvu teremu ino.